Lamulo la ku Georgia lotanthauzira chidani ndi Ayuda: kodi za Gaza n'zolankhulika?

Tadala (Georgia): Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu amene mwakhalitsa kuno ku America. Kusukulu kwathu atitumizira imelo yoti ofesi yolandira madandaulo a tsankho izigwiritsa ntchito tanthauzo la IHRA (bungwe la maiko lokumbukira kuphedwa kwa Ayuda) poona nkhani za chidani ndi Ayuda, ati ndi mmene lamulo la chigawo cha Georgia likunenera. Ine sabata yamawa ndikuyenera kuima kutsogolo kwa kalasi ya ndale za maiko, ndipo mutu wanga ndi woyerekeza malamulo a mapasi a ku South Africa ndi ziphaso zomwe Apalestina amayendera ku West Bank. Ndipitirize kapena ndisinthe? Sindikufuna kukatsikira ku KIA ndi chikwama chokhachokha.

aPhiri (South Bend, woyang'anira gulu): Funso labwino mwana wanga. Koma ndichenjezeretu gulu, nkhani iyi imawotcha. Muno muli Akhristu, muli Asilamu, muli ena amene amagwira ntchito m'makomo mwa Ayuda. Wolemba mawu onyoza mtundu wa anthu ndimuchotsa osamufunsa.

Nachisale (Atlanta): Iwe Tadala, sintha mutu basi. Maiko onsewa wasowa loti ulembe? Lemba za mkangano wa nyanja ndi Tanzania, palibe akulondole. Makolo ako sanagulitse ng'ombe kuti udzakhale mtolankhani wa ku Gaza.

Tadala (Georgia): Azakhali, ng'ombe zake ziti 😂 Mutuwo aphunzitsi anauvomera kalekale, ndawerenga zambiri.

Mphatso (Houston): Dikirani kaye azakhali, tisamuopseze mwana tisanaone lamulolo. Amalitcha HB 30, ndipo bwanamkubwa Brian Kemp analisainira pa 31 Januwale 2024. Mlandu watsopano mulibemo. Palibe ndime yoti wonena zakutizakuti amangidwe. Chomwe likulamula n'chakuti nthambi za boma la Georgia, pofufuza ngati munthu wachitiridwa tsankho kapena ngati mlandu wina unachitika chifukwa cha chidani, ziziganizira tanthauzo la IHRA. Tinene kuti wina waswa mawindo a sitolo ya Myuda n'kujambulapo swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi. Kuswa mawindo ndi mlandu kale. Chotsala ndi kudziwa chomwe chinamutuma, chifukwa lamulo la Georgia la 2020, lija linabwera mnyamata wakuda Ahmaud Arbery ataphedwa, limawonjezera chilango ngati chomwe chinamutuma ndi chidani cha mtundu kapena chipembedzo. Tanthauzolo limalowera pamenepo. Ndipo mu HB 30 momwemo analembamo kuti lisachepetse ufulu uliwonse wotetezedwa ndi First Amendment, gawo la malamulo aakulu a dziko la America loteteza ufulu wolankhula.

Za IHRA: ndi bungwe la maiko oposa 30 lokumbukira kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni mu ulamuliro wa Hitler. Tanthauzolo analivomereza ku Bucharest pa 26 Meyi 2016, ndipo eni ake analemba pamwamba kuti silomanga munthu mwalamulo. Lenilenilo ndi ziganizo ziwiri zokha, zoti chidani ndi Ayuda ndi kaonedwe kena ka Ayuda komwe kangaonekere ngati udani, m'mawu kapena m'zochita. Palibe amakangana nazo. Phokoso lonse lili pa zitsanzo 11 zomwe zili pansi pake, chifukwa 7 mwa izo zikutchula dziko la Israel.

Che Jafali (Johannesburg): Ndiye tiuzeni zitsanzozo achimwene, musatiphikire nsima yopanda ndiwo.

Mphatso (Houston): Zina n'zachidziwikire: kuitanira anthu kuti aphe Ayuda, kukana kuti Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda kuja, inachitika, kunena kuti Ayuda ndi amene amalamulira mabanki ndi nyumba zoulutsa mawu, kunena kuti Myuda wa ku America mtima wake uli ku Israel osati kwawo. Zomwe zimavuta ndi zitatu. Kunena kuti kukhalapo kwa dziko la Israel ndi ntchito ya tsankho. Kufuna kuti Israel ichite zomwe simukufunsa dziko lina lililonse la demokalase. Ndi kuyerekeza zochita za boma la Israel ndi za chipani cha Nazi. Koma chikalata chomwecho chikutinso kudzudzula Israel mofanana ndi mmene mungadzudzulire dziko lina lililonse sichidani.

Che Jafali (Johannesburg): Eya, pamenepo. "Mofanana ndi dziko lina lililonse." Woyeza kufananako ndani? Ine ndikafuna kudzudzula za ku Gaza ndiyambe ndawerenga mndandanda wa Sudan, Congo, Myanmar, kenako ndipatsidwe chilolezo? Anthu a ku Soweto ankalimbana ndi Pretoria yokha, palibe anawafunsa chifukwa chomwe sakutchulira Chile. Ndipo mawu oti apartheid pa nkhani ya Israel sanayambe ndi ana asukulu. B'Tselem, bungwe la Aisraeli eniake, linanena mu Januwale 2021. Human Rights Watch mu Epulo chaka chomwecho. Amnesty mu Febuluwale 2022. Ngakhale Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, mwana wa ku Georgia konko, anaika mawu amenewa pa chikuto cha buku lake mu 2006. Ndiye lero Carter akanaitanidwa ku ofesi ya madandaulo?

Nachisale (Atlanta): Che Jafali, inu muli kutali, ndiye mukuona lamuloli ngati lagwa kumwamba. Ine ndimasamalira agogo ena achiyuda cha ku Dunwoody kuno. Mu Febuluwale 2023, m'mawa wina ndikutuluka kukatenga nyuzipepala, ndinapeza kajumbo ka pulasitiki panjira yolowera galimoto. M'kati munali kapepala ndi timaso ta chimanga toti mphepo isaulutse. Ndinaganiza kuti ndi otsatsa malonda. Kutsegula, mayina ndi zithunzi za anthu, aliyense amuika nyenyezi ya Davide, ati awa ndi amene akuwononga America. Msewu wonse, khomo lililonse kajumbo kake. Ndinafuna kubisa koma agogowo anali ataona kale pawindo. Sanalire. Anangondifunsa ngati sikulubwino tichotse kabokosi kamene kali pamphuthu ya chitseko, kaja amaikamo mawu a m'Malemba, kuti odutsa asadziwe kuti muno mumakhala ndani. Mayi wa zaka zoposa 85, wobadwira ku Atlanta konkuno, amene akukumbukira tsiku lomwe sunagoge wamkulu wa mumzinda uno anaphulitsidwa ndi bomba mu 1958. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu Juni, anthu anakaima ndi mbendera za swastika panja pa sunagoge ku Macon ndi ku Cobb County. Phungu Esther Panitch, amene anakankha nawo biluyi, naye anatola kajumbo komweko pakhomo pake. Pa nthawiyo anali Myuda yekhayo m'nyumba ya malamulo ya Georgia. Anthuwa sakupeka mantha ayi.

Che Jafali (Johannesburg): Pepani mayi, zimenezo n'zonyansa, palibe angaikire kumbuyo. Koma amene anaponya timajumboto anali ophunzira a ku Palestine?

Nachisale (Atlanta): Ayi, anali azungu a chi-Nazi aja.

Mphatso (Houston): Ndipo chowawa n'chakuti HB 30 singawagwire anthu amenewo. Kuno mawu achidani pawokha si mlandu. Khothi lalikulu linagamula mu 1969, pa mlandu wa Brandenburg wa gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan, kuti boma lingaletse mawu pokhapokha ngati akuutsa chiwawa chomwe chichitike nthawi yomweyo. Mu 1977 a chi-Nazi anafuna kuguba ku Skokie, ku Illinois, tauni yomwe munkakhala anthu ambiri opulumuka ku misasa ya Hitler. Makhothi anati ali ndi ufulu, ndipo loya wa bungwe loteteza ufulu wa anthu la ACLU amene anawaimira, David Goldberger, anali Myuda. Ndiye wa timajumbo uja, lamulo lotanthauzira silimukhudza. A ku Florida anazindikira zimenezi, mu 2023 anapanga lamulo lina loti kutaya zinthu pakhomo pa munthu n'cholinga chomuopseza ndi mlandu. Limenelo likugwira dzanja lomwe laponya. La tanthauzoli likuyang'ana pakamwa, ndipo pakamwa pomwe boma lingafikire mosavuta ndi pa wophunzira, mphunzitsi ndi wogwira ntchito m'boma, chifukwa awa ali ndi bwana woti awalange popanda kupita kukhothi.

Abusa Banda (Dallas): Mtendere wa Ambuye abale. Ine ndaima ndi lamuloli. Genesis 12:3 ikunena momveka za wodalitsa ndi wotemberera mbewu ya Abrahamu. Salimo 122 ikutilamula kupempherera mtendere wa Yerusalemu. Pa 7 Okutobala 2023 anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa tsiku limodzi, ena pafupifupi 250 kugwidwa, ndipo maliro asanathe ena anali kale m'misewu kuvina. Ngati boma likuti tiyeni tidziwe dzina la tchimo limeneli, vuto lili pati? Ana athu omwe ali ku minda ya ku Israel kuyambira kumapeto kwa 2023, kazembe wathu ali ku Tel Aviv. Si adani athu amenewa.

Namaseko (Leeds): Abusa, mwawerenga chitsanzo chomwe chikutchula za kuphedwa kwa Yesu?

Abusa Banda (Dallas): Chikuti bwanji?

Namaseko (Leeds): Chikuti kugwiritsa ntchito zinenezo zakale, monga zoti Ayuda anapha Yesu, pofotokoza Israel kapena Aisraeli, ndi chidani. Bilu yofanana ndi iyi itafika ku nyumba ya malamulo ya ku Washington pa 1 Meyi 2024, inadutsa ndi mavoti 320 kwa 91, koma mwa okanawo munali Marjorie Taylor Greene, wa ku Georgia komweko, amene anati Akhristu adzazengedwa mlandu chifukwa cha Uthenga Wabwino. Munalinso Jerry Nadler, Myuda wa ku New York, amene anakana pa chifukwa china, choti itsekereza mawu otetezedwa. Ku Senate sinadutse chaka chimenecho.

Abusa Banda (Dallas): Aaa, ndiye pa Lachisanu Loyera tiziwerenga chiyani? Yohane 19 tidumphe?

Namaseko (Leeds): Kkkk mwaona abusa, moto ukafika pa guwa lanu mwayamba kufunsa. Koma musade nkhawa, kuwerenga Yohane sikukukhudzidwa. Chitsanzocho chikunena za munthu amene akutenga nkhani ya pa Gologota n'kuiponyera pa anthu amoyo lero. Ndipo chili ndi mbiri yake. Ku Europe, kwa zaka mazanamazana, Sabata Loyera inali nthawi yomwe Ayuda ankadzitsekera m'nyumba, chifukwa anthu ankatuluka m'tchalitchi atamva ulaliki n'kukawotcha makomo awo. Ife Akatolika zinatitengera mpaka 1965, pa msonkhano wa Vatican II, kuti tilembe poyera kuti imfa ya Yesu isasenzetsedwe Ayuda onse, akale kapena alero. Chitsanzo chimenecho ine ndilibe nacho vuto. Ndangofuna muone mmene zimamvekera ukamva kuti mawu ako ali pa mndandanda wa boma.

Abusa Banda (Dallas): Ndamva mayi. Koma sindinasinthe maganizo.

Bra Steve: *Uthenga uwu wachotsedwa ndi woyang'anira gulu.*

aPhiri (South Bend): Ndinanena. Bra Steve apuma sabata imodzi. Zoti Ayuda ndi amene amasindikiza ndalama za dziko lonse mukalembe kwina.

Nachisale (Atlanta): Mwaona? Muno momwe, pa gulu la Amalawi, munthu woti mwina sanaonepo Myuda ndi maso. Ndiye muzindiuza kuti tanthauzo silofunika.

Mphatso (Houston): Kufunika n'kofunika azakhali, ndipo zomwe analemba Steve zili pa mndandanda uja pafupifupi liwu ndi liwu. Koma onani kuti aPhiri sanafunike nyumba ya malamulo kuti azindikire. Funso ndi lakuti likakhala lamulo, likugwira ntchito yanji. Amene anatsogolera kulemba mawu amenewa, cha m'ma 2004 ndi 2005, ndi loya wina dzina lake Kenneth Stern, pa nthawiyo ali ku American Jewish Committee. Cholinga chinali chothandiza anthu osonkhanitsa chiwerengero cha milandu ku Europe, kuti wa ku France ndi wa ku Poland aziwerenga zinthu zofanana. Iye mwini, amene ndi Myuda komanso amadzitcha wa Zionism (wokhulupirira kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo la Israel), wakhala akuchenjeza ku Congress ndi m'manyuzipepala kuti asalisandutse lamulo la zolankhula pa sukulu. Trump atasainira chilamulo chake mu Disembala 2019, cholowetsa tanthauzoli mu Title VI, lamulo la 1964 loletsa tsankho m'masukulu olandira ndalama za boma, Stern analemba mu Guardian kudzudzula. Chingwe choyezera munda achisandutsa chomangira mbuzi, mwini chingwe akukuwa, koma palibe akumumvera.

aPhiri (South Bend): Ndionjezere za kwathu kuno ku Indiana, chifukwa zikuonetsa pomwe pagona nkhani. Mu 2024 aphungu anakokanakokana pa bilu ya HB 1002 mpaka tsiku lotseka. Mapeto ake anagwirizana zosunga tanthauzo la IHRA koma kusiya zitsanzo 11 zija. Aliyense anati basi tapeza pakati. Bwanamkubwa Eric Holcomb anakana kusainira mu Malichi, ati popanda zitsanzo biluyo ndi yoperewera, n'kutulutsa chikalata chakechake chovomereza tanthauzo ndi zitsanzo zomwe. Ndiye onse awiri, ofuna ndi okana, akudziwa kuti nyama ili m'zitsanzomo. Ziganizo ziwiri zija ndi msuzi chabe.

Tadala (Georgia): Ndikuwerenga zonse. Koma funso langa lija achimwene a Mphatso, ndipitirize?

Mphatso (Houston): Si uphungu wa loya wanu uwu, ndi maganizo a mlongo wanu. Pa malamulo okhaokha, kuyerekeza malamulo awiri m'kalasi, ndi umboni, pa sukulu ya boma, n'kotetezedwa. Kuti zifike pa tsankho, payenera kukhala kuzunza munthu kapena gulu kobwerezabwereza kapena koopsa, mpaka kuwalepheretsa kuphunzira. Ntchito ya mphindi 15 yomwe aphunzitsi anaivomera sifika pamenepo. Chitani izi: alembereni imelo aphunzitsiwo, muikemo mutu ndi magwero anu, ayankhe molemba. Lankhulani za boma, asilikali, malamulo ndi ziphaso. Mawu oti "Ayuda" asalowe pomwe mukutanthauza boma la Netanyahu. Za Hitler musakhudzeko, sizikuwonjezerani malikisi. Ndipo muike mbali yomwe kufananako kukuthera, mwachitsanzo zoti Aarabu omwe ndi nzika za Israel amavota ndipo ali ndi aphungu ku Knesset, nyumba ya malamulo ya Israel, zomwe munthu wakuda ku South Africa sankaziona. Si kuopa ayi, ndi mmene ntchito yabwino imalembedwera.

Koma pali china chomwe sindingakubisireni. Inu muli pa viza. Pa 25 Malichi 2025, Rümeysa Öztürk, wophunzira wa ku Turkey pa yunivesite ya Tufts, anagwidwa pamsewu ku Somerville ndi apolisi ovala wamba, ena ataphimba nkhope. Chomwe chinadziwika kuti anachita ndi kulemba nawo nkhani mu nyuzipepala ya pasukulu chaka chapitacho. Anakamusunga ku Louisiana pafupifupi masabata 6 mpaka woweruza wa ku Vermont atalamula kuti atulutsidwe mu Meyi. Limenelo silinali lamulo la chigawo, inali nthambi yoona zolowa ndi kutuluka ya ku Washington. Koma kwa munthu wa pasipoti yathu, kusiyanitsa kumeneko kumathandiza pambuyo, utagona kale m'chitolokosi. Ndiye za m'kalasi pitirizani. Zoika pa Instagram ndi kusainira makalata a pagulu, muziganize kawiri.

Tadala (Georgia): Zikomo kwambiri. Imelo ndilemba usiku uno.

Nachisale (Atlanta): Ndiye mwazungulira mtunda wonsewu n'kufika pomwe ndinayambira ine.

Mphatso (Houston): Ayi azakhali, inu munati asiye mutu.

Agogo aChisale (Zomba): Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, netiweki ikuvuta. Ine za America sindiziwerenga kawirikawiri, koma zomwe mwamuuza mwanayu ndazizindikira. Ndinaphunzitsa sekondale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Lamulo loyang'anira mabuku ndi zisudzo la 1968 linalipo, koma ambirife sitinalionepo ndi maso. Amene ankachotsa mabuku mu laibulale sanali a Censorship Board, anali ahedi athu, bukulo lisanaletsedwe n'komwe, poopa kuti mwina lidzaletsedwa. Sewero la ana a Fomu 3 tinkalidula tokha m'chipinda cha aphunzitsi. Boma silinkafunika kubwera. Ndiye ndikamva kuti lamulo silikumanga munthu koma maofesi "aziganizira", ndikudziwa amene aziganizirayo. Ndi kalaliki amene ali ndi ana kusukulu ndi ngongole ya nyumba, ndipo akakayikira, asankha kuletsa.

Nachisale (Atlanta): Agogo, ndi ulemu wonse, America si Malawi wa Kamuzu. Kuno munthu amasumira bwanamkubwa n'kupambana. Kwathu nthawi ija ukanasumira kuti?

Agogo aChisale (Zomba): Zoona mwana wanga, kusiyana kulipo kwakukulu. Koma wosumirayo amakhala mmodzi. Amene anangosintha mutu mwakachetechete palibe amawawerenga.

Namaseko (Leeds): Zomwe akunena agogo ndikuziona kuno. Boma la Britain linavomereza IHRA mu Disembala 2016, nthawi ya Theresa May. Mu Okutobala 2020 nduna ya maphunziro Gavin Williamson inalembera mayunivesite kuti avomereze isanafike Khirisimasi, apo ayi ndalama ziganiziridwa. Ambiri anavomera. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yobwereketsa zipinda za misonkhano pa yunivesite ina. Gulu la ophunzira likafuna chipinda cha zokambirana za nyengo, fomu ndi tsamba limodzi, mawa lake kiyi. Pakangooneka mawu oti Palestine, fomu imakwera m'mwamba, pamafunika mayina a olankhula masabata angapo nthawi isanakwane, wapampando "wosakondera", alonda omwe gululo lilipire. Palibe amene amati ayi. Amangotopa okha. Koma ndinenenso mbali inayo, chifukwa ndinaionanso: mnyamata wachiyuda anabwera kudzapempha kuti pa chikwangwani cha pakhomo tisalembe dzina la gulu lawo pa mwambo wa chakudya cha Lachisanu madzulo, tingolemba nambala ya chipinda. Nkhani ya Gaza sinali pa pulogalamu yawo n'komwe. Ankangofuna kudya mwamtendere.

Nachisale (Atlanta): Ndi zimenezo. Ndipo tisanamizane, ena amati "Zionist" pomwe mumtima akuti Myuda. Mwana wa zaka 19 akumutsekereza pakhomo la laibulale kumufunsa ngati ali wa Zionism, chifukwa wavala kachipewa. Iyeyo ndi amene waponya bomba ku Rafah? A ADL, bungwe la Ayuda lolimbana ndi chidani, anawerenga zochitika za chidani ndi Ayuda 8,873 ku America mu 2023, chaka cha 2022 zinali 3,697.

Che Jafali (Johannesburg): Pa za mwanayo tili limodzi mayi. Kusenzetsa Myuda aliyense zochita za boma la Israel n'kulakwa, ndipo ife Asilamu tikudziwa kuwawa kwake, takhala tikufunsidwa za Bin Laden kuyambira 2001. Chitsanzo chimenecho mu IHRA ndingachisainire ndi manja awiri. Za chiwerengerocho, a ADL eniake ananena kuti pambuyo pa 7 Okutobala anayamba kuwerengera nawo zionetsero zina za mawu otsutsa Zionism. Kukwera kunalipo ndithu, koma muyezo unasinthanso, ndipo ndi mkangano womwewu wa tanthauzo.

Ndikuuzeni mmene khothi la kuno linachitira, mwina muona kuti njira ina ilipo. Mu 2009 Bongani Masuku wa COSATU, mgwirizano wa mabungwe a antchito, analankhula mawu okalipa pa nkhani ya Gaza, ena pa intaneti, ena pa msonkhano ku yunivesite ya Wits. Bungwe la Ayuda a kuno linadandaula, mlandu unayenda zaka zambiri mpaka Constitutional Court mu Febuluwale 2022. Oweruza anatenga mawu anayi, lililonse palokha. Amodzi, omwe ananena za a Zionism n'kutchulamo Hitler ngati bwenzi lawo, anati apa akuloza Ayuda, ndi mawu achidani, apepese. Atatu enawo anati ndi ndale zowawa koma si za mtundu kapena chipembedzo. Anagwiritsa ntchito lamulo la Equality Act la 2000, lomwe limateteza Myuda, Msilamu, Mzulu ndi ife makwerekwere chimodzimodzi. Mndandanda wapadera sunafunike.

Namaseko (Leeds): Kunonso bwalo la za ntchito linachita zofananako ndi David Miller, mphunzitsi amene anachotsedwa ntchito pa yunivesite ya Bristol mu 2021. Mu Febuluwale 2024 linati kutsutsa Zionism ndi chikhulupiriro chotetezedwa ndipo anamuchotsa molakwika, komabe linadula chipukuta misozi chifukwa cha zomwe ananena za ophunzira ake. Mbali zonse zinatuluka zikung'ung'udza.

Abusa Banda (Dallas): Koma abale, Ayuda ambiri ndi mabungwe awo akuluakulu akufuna tanthauzo limeneli. Ife ndife ndani kuti tiwauze chomwe chikuwapweteka? Munthu wakuda akati ichi ndi tsankho, sitifuna mzungu atiphunzitse.

Mphatso (Houston): Mfundo yolemera abusa, ndipo ndi zoona kuti ADL, American Jewish Committee ndi ambiri ali kumbuyo kwake. Koma Ayuda eniake sakugwirizana onse. Mu Malichi 2021 akatswiri pafupifupi 200, ambiri a iwo ophunzitsa mbiri ya Ayuda ndi ya Holocaust, anatulutsa Jerusalem Declaration, yomwe ikuti kunyanyala katundu wa Israel kapena kuyerekeza ndi apartheid, pakokha, si chidani, ngakhale kuli kokanganitsa. Boma likasankha chikalata chimodzi n'kuchiika m'lamulo, lalowerera mkangano wa m'banja la eni ake n'kunena wolondola. Ndipo tsankho lochitira anthu akuda, lomwe mwatchulalo, malamulo a kuno amaliletsa popanda mndandanda wa maganizo a ndale omwe akuyesedwa tsankho.

Kuno ku Texas zinafika kale kukhothi. Mu Malichi 2024 bwanamkubwa Greg Abbott analamula mayunivesite a boma kuti alowetse tanthauzoli m'malamulo awo a zolankhula, n'kutchula mayina a magulu awiri a ophunzira oti alangidwe akaphwanya. Mu Okutobala woweruza Robert Pitman anati zikuoneka kuti kumeneku n'kusankha maganizo oti alangidwe, zomwe First Amendment imakana. Chiletso chomwe ophunzirawo ankapempha sanapereke, ati chinali chotambalala kwambiri. Kusiyana kwa Georgia ndi Texas kuli apa: kugwiritsa ntchito mawu a munthu ngati umboni wa chomwe chinamutuma kuchita mlandu, khothi lalikulu linavomera kale mu 1993 pa mlandu wa Wisconsin ndi Mitchell. Kulanga mawuwo pawokha ndi nkhani ina.

Kondwani (Fort Worth): Pepani ndalowa mochedwa. Zikukhudzana ndi izi kapena ayi, sindikudziwa. Ndili ndi kakampani koyeretsa m'maofesi, anthu 6. Ndikufuna kontirakiti ya khonsolo ina kuno, ndipo pa mafomu pali ndime yoti ndilumbire kuti sindinyanyala Israel. Ine mopu ndi Israel zikukumana pati? Ndisaine?

Che Jafali (Johannesburg): Kkkkk mpaka mopu yalowa ndale.

Mphatso (Houston): Limenelo ndi lamulo lina achimwene, loletsa kunyanyala, koma ndi apachibale. Texas inalipanga mu 2017. Mayi wina wothandiza ana a vuto la kulankhula, Bahia Amawi, anataya ntchito pa sukulu ina atakana kusaina, anasuma, ndipo mu 2019 aphungu analichepetsa. Pano limakhudza makampani a antchito 10 kapena kuposerapo, pa kontirakiti ya $100,000 kupita m'mwamba. Ku Georgia zinayendanso choncho mtolankhani Abby Martin atasuma. Koma ku Arkansas nyuzipepala ya Arkansas Times inagonja mu 2022, oweruza anati kusagula katundu ndi malonda osati kulankhula, ndipo khothi lalikulu linakana kumva apilo mu 2023. Inu ndi anthu 6 simukuyenera kukhudzidwa, kungoti makalaliki ambiri amasiya ndimeyo pa fomu ya aliyense. Nditumizireni tsamba limenelo kumbali, mubise dzina la kampani ndi ndalama zake, ndione ngati pali kabokosi kosonyeza kuti lamulolo silikukukhudzani.